Wamkulu Ndani? Mawu Othokoza pa Zotsatira za Mayeso a Anyamata a ku St. Patrick's

Lamulungu la 25 la pa Chaka, Chaka B, 22 September 2024

Chitulukire zotsatira za mayeso a MSCE a chaka chino, mafoni sakupuma m'makomo ambiri a m'parishi ino. Funso ndi limodzi paliponse: “Wapeza mapointi angati?” Pa Misa ya lero mpingo ukuthokoza Mulungu pamodzi ndi anyamata a Fomu 4 a sukulu ya sekondale ya St. Patrick's ku Mzedi amene akhoza mayesowa. Ena mwa iwo ndi ana a m'tauni muno. Ena kwawo ndi ku Thyolo, ndipo makolo awo amagwira ntchito m'maesiteti a tiyi. Akhristu a kuno amawadziwa chifukwa pa tchuthi ankafikira kwa amalume kapena azakhali awo, n'kumatumikira pa guwa kapena kuimba nawo kwaya ya achinyamata.

Chimwemwe chimenechi n'choyenera, ndipo pasakhale wina wochichepetsa. M'dziko lonse, mwa ophunzira 100 aliwonse amene analemba mayeso a bungwe la MANEB chaka chino, pafupifupi 55 okha ndiwo akhoza. Mwana amene ali m'gulu la okhozawo wagwira ntchito yaikulu. Nthungululu zimveke, mpunga uphikidwe, nkhuku iphedwe pamene ilipo.

Njira imene anyamatawa adutsa

Kalasi imeneyi sinayende pa msewu wosalala. Anyamatawa anali mu Sitandade 8 pamene boma linatseka sukulu zonse mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo anakhala miyezi yambiri pakhomo osadziwa ngati mayeso awo adzalembedwa n'komwe. Mu January 2023, ali Fomu 3, sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Patangotha miyezi iwiri kunabwera namondwe wa Freddy, amene anagumula mapiri ndi kukokolola nyumba ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Ana ambiri anabwerera m'kalasi ali ndi maliro mumtima. Mu November 2023, atangoyamba Fomu 4, ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mtengo wa sopo, makope, nsapato ndi thiransipoti unakwera nthawi imodzi.

Mnyamata amene wapirira zonsezi n'kukhoza mayeso ali ndi chifukwa chogwadira pamaso pa Mulungu. Makolo ake nawonso ali nacho. Aphunzitsi ake, ophika nsima kukhitchini, alonda a pageti ndi onse amene anamusunga zaka zinayi ali ndi gawo pa satifiketi imeneyi, ngakhale maina awo sadzalembedwapo.

Zimene ankakangana pa njira

Mthenga Wabwino wa lero, Marko 9:30-37, wafika pa nthawi yake. Yesu ankadutsa m'Galileya ndi ophunzira ake, akuwauza kachiwiri kuti adzaperekedwa m'manja mwa anthu, adzaphedwa, ndipo adzauka. Iwo sadamvetse, ndipo adaopa kumufunsa. Atafika m'nyumba ku Kapernao, Yesu adafuna kudziwa nkhani imene inkawatenthetsa mitu pa njira. Onse adangoti chete. Manyazi adawagwira, pakuti pamene Mphunzitsi wawo ankakamba za imfa yake, iwo anali kalikiliki kuyezana kuti wamkulu ndani pakati pawo.

Kuyezana kotereku sikudathere ku Galileya. M'masabata ano kwadzaza m'magulu a WhatsApp, m'maminibasi ngakhalenso panja pa tchalitchi Misa ikatha. Uyu wapeza 9, uja 14, wina 28. Sukulu yakuti yaposa sukulu yakuti. Mayi amene mwana wake wapeza mapointi ambiri amayankha motsitsa mawu ngati wapalamula.

Yesu sadawakalipire ophunzira ake chifukwa chofuna kukhala patsogolo. Adakhala pansi, naitana khumi ndi awiri aja, nawaonetsa kumene kutsogoloko kuli: wofuna kutsogola adziike kumbuyo kwa anzake onse ndi kuwatumikira. Kenaka adatenga kamwana, nakaimika pakati pawo, nakakumbatira, n'kuwauza kuti kulandira wamng'ono ngati ameneyo m'dzina lake ndiko kumulandira Iye mwini pamodzi ndi Atate amene adamutuma. M'nthawi imeneyo mwana analibe mawu pa bwalo, analibe chuma, ndipo sakadatha kubwezera wina chilichonse. Ameneyo ndiye Yesu adamuika pakati.

Anyamata a Fomu 4 angathe kuimvetsa msanga nkhaniyi, pakuti masamu a MSCE nawonso ndi otembenuka. Pa mayeso amenewa giredi 1 ndiyo yapamwamba, 9 ndiyo kulephera. Amawerengera maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino, ndipo wopambana kwambiri ndi amene wapeza mapointi 6, nambala yochepetsetsa. Kwa zaka zinayi anyamatawa akhala akulimbikira kuti nambala yawo itsike. Mthenga wa lero ukuwapempha kuti apitirize masamu omwewo pa moyo wawo wonse. Satifiketi yawakweza, tsopano aphunzire kutsika kuti afike pamene pali anthu ofunika kuwatumikira.

Fizi inachokera m'dengu

Amene anayendapo pa msewu wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe kupita ku Thyolo amadziwa kukongola kwa minda ya tiyi. Mapiri onse amaoneka ngati ayalidwa nsalu yobiriwira. Alendo amaimitsa galimoto kuti ajambule zithunzi. Koma m'kati mwa kubiriwirako mumayenda anthu obereka madengu kumsana.

Tiyi adayamba kulimidwa ngati mbewu yogulitsa ku Mulanje cha m'ma 1891, ndipo patapita zaka adafikanso ku Thyolo. Esiteti ya Satemwa idayamba mu 1923, ndipo maina ngati Naming'omba, Makwasa ndi Conforzi ndi odziwika kwa aliyense wa m'bomalo. Ambiri mwa amene adatsegula minda imeneyi ndi manja awo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene pa nthawi ya atsamunda ankakhala pa malo a azungu polipira ndi ntchito ya thangata. Zidzukulu zawo ndi zimene lero zili m'midzi yothithikana m'mphepete mwa maesiteti, pamene banja limadalira kamunda kochepa. Nthochi zimene kale zinkalipirira ana ambiri sukulu ku Thyolo zidasakazidwa ndi matenda a chisaka. Mabanja ochuluka chowatsalira ndi dengu la tiyi.

Mayi wothyola tiyi amadzuka kusanache. M'nyengo ya dzinja, pamene masamba amaphuka kwambiri, amagwira ntchito mvula ili pamsana, ndipo m'miyezi yozizira chiperoni chimamulowa mpaka m'mafupa. Amathyola nsonga yanthete ndi masamba awiri, n'kumaponya kumbuyo m'dengu, kambirimbiri osawerengeka, mpaka nthawi yokapimitsa pa sikelo pamaso pa kapitawo. Pamafunika makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi kuti kufakitale kutuluke kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Chilimwe chikafika masamba amachepa, ndipo ambiri olembedwa ntchito ya nyengo amauzidwa kuti akadikire kunyumba.

Mwana wa mayi ameneyu akasankhidwa kupita ku sukulu yogonera komweko, chimwemwe chimatha tsiku limodzi, kenaka pamabwera masamu. Fizi, yunifomu, matiresi, chidebe, thiransipoti. Mbuzi imagulitsidwa. Ngongole imatengedwa ku banki m'khonde. Kawirikawiri mlongo wake wa mnyamatayo amauzidwa kuti ayambe wadikira, ndipo kudikirako nthawi zina sikutha. Mnyamata wa ku Thyolo amene lero wanyamula zotsatira zabwino akumbukire kuti m'mapointi akewo muli msana wa amayi ake ndi zaka za mlongo wake.

Apa ndi pamene Mthenga wa lero ukuluma. Yesu akadalowa lero m'tchalitchi muno kudzafuna woti amuike pakati, mwina akadadutsa onse ovala masuti n'kukagwira dzanja la mayi uja, lokhakhala ndi ntchito, amene wakhala kumbuyo chifukwa sadziwa Chingerezi. Ngozi imene imadikira mnyamata wophunzira ndi yoti tsiku lina adzachite naye manyazi. Zimayamba pang'onopang'ono. Ku yunivesite anzake akamufunsa kwawo, amatchula Blantyre. Pa tchuthi amapeza zifukwa zosapitira kumudzi. Akayamba ntchito, foni ya kumudzi ikalira amaiyang'ana n'kuisiya. Makolo akale adanena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Lamulo lachinayi la Mulungu silithera pa geti ya koleji.

Nzeru za mitundu iwiri

M'mawerengo achiwiri, Yakobe woyera akusiyanitsa nzeru ziwiri. Pali nzeru ina imene imayendera limodzi ndi kaduka ndi kudzikonda, ndipo kumene yalowa kumabuka chisokonezo. Pali nzeru ina yochokera kwa Mulungu, imene munthu amaizindikira poona zipatso zake: mtima woyera, kukonda mtendere, kumva za ena, chifundo ndi kusachita zachiphamaso. MANEB imayesa Masamu, Chingerezi, Biology ndi Chichewa. Nzeru yachiwiriyi ilibe pepala la mayeso, koma ndi imene dziko la Malawi likuisowa kwambiri.

Dziko lino lidaona kale kumene nzeru yopanda chilungamo imafikitsa anthu. Mu November 2020 boma linaimitsa mayeso a MSCE ali m'kati chifukwa mapepala ena anali atabedwa ndi kufalitsidwa, ndipo ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu January 2021. Amene anatulutsa mapepalawo sanali anthu osaphunzira. Chimodzimodzi amene adaba ndalama za boma pa nkhani ya Cashgate mu 2013 sanali othyola tiyi. Ambiri anali anthu a masatifiketi, okhala m'maofesi. Mnyamata amene wakhoza mayeso popanda likasa wapambana kawiri, ndipo chipambano chachiwiricho ndi chimene adzachifune tsiku limene wina adzamukankhira envelopu pansi pa tebulo.

N'chifukwa chake Mpingo sudatsegule sukulu kuti uzingotulutsa anthu okhoza mayeso. Ansembe a chipani cha Montfort atafika ku Nzama mu 1901, ntchito yophunzitsa ana idayendera limodzi ndi yolalika. Sukulu ya Zomba Catholic idatsegulidwa mu 1942, pa nthawi imene sukulu za sekondale m'dziko muno zinali zongoyamba kumene. Ku Nguludi kuli seminale ya Pius XII, ndipo kuyambira mu 2006 kulinso yunivesite ya Katolika. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri, m'chikalata chake cha maphunziro cha mu 1965, udaphunzitsa kuti cholinga cha maphunziro ndi kuumba munthu yense, kuti akafike kwa Mulungu komanso apindulitse anthu amene akukhala nawo. Sukulu ya Katolika imayesedwa patapita zaka makumi awiri, poona mtundu wa madokotala, aphunzitsi, oweruza ndi abambo a m'mabanja amene idatulutsa.

Nkhoswe ya sukulu yawo

Anyamata a ku Mzedi ali ndi chitsanzo pafupi, m'dzina la sukulu yawo. Patrick woyera adakhala zaka za m'ma 400. Ali ndi zaka pafupifupi 16, msinkhu wa mwana wa Fomu 2 kapena 3, adagwidwa ndi achifwamba kwawo ku Britain n'kukagulitsidwa ukapolo ku Ireland. Adaweta ziweto za mbuye wake zaka zisanu ndi chimodzi, pa mvula ndi pa chisanu, ndipo ndi kubusa komweko kumene adaphunzira kupemphera. Adathawa, nabwerera kwa abale ake, amene adamupempha kuti asachokenso. Koma atakhala wansembe kenaka episkopi, adabwerera ku dziko lomwe adavutikira lija kukatumikira anthu ake mpaka imfa. Mwini wake ankadandaula kuti maphunziro ake anali operewera chifukwa ukapolo udamudyera zaka za sukulu. Komabe dziko lonse la Ireland limamutcha mtumwi wake.

Patrick adabwerera. Thyolo ikufuna ana ake obwerera. Sikuti aliyense ayenera kukakhala kumudzi, koma aliyense angathe kubweza kanthu. Amene adzaphunzire zaulimi ku LUANAR akumbukire alimi ang'onoang'ono a tiyi ndi minda ya nthochi imene idatha. Amene adzapite ku KUHeS adzavomere kukagwira ntchito pa chipatala chakumudzi. Amene adzaphunzire zamalamulo ku Zomba adziwe kuti wantchito wa pa esiteti amene wachotsedwa ntchito molakwika sangathe kulipira loya. Yunivesite ya MUST, imene idatsegulidwa mu 2014, ili m'boma la Thyolo lomwelo, ndipo mwana wa wothyola tiyi angathe kuphunzira uinjiniya akuona mapiri a kwawo. Ndipo amene tsiku lina adzakhale manijala wa esiteti, kapena mkulu wa ku unduna wa zantchito, adzakumbukire kulemera kwa dengu pamene akusainira malipiro a anthu.

Amene maina awo sanatuluke

Pa chikondwerero ngati chino pali ena amene sanabwere ku Misa. Pafupifupi 45 mwa ophunzira 100 aliwonse m'dziko muno sanakhoze. Ena akhoza, koma mapointi awo sangawalowetse ku yunivesite ya boma, kumene malo ndi ochepa poyerekeza ndi ofuna kulowa. Ambiri mwa iwo anaphunzira m'sukulu zoyendera za CDSS, zina zopanda labotale ngakhale mabuku okwanira, akuyenda mtunda wautali m'mimba muli pululu. Sikuti onse anali aulesi.

Ameneyu ndiye mwana amene Yesu akumuika pakati pa mpingo lero. Ali m'chipinda, wadzitsekera, akuopa kukumana ndi anzake. Masiku ano nkhani za achinyamata odzipha zikumveka kawirikawiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi amuna, amene adaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Bambo amene mwana wake walephera asamale lilime lake sabata ino. Mawu akuti “wanditayitsa ndalama” angathe kukhala omaliza amene mwanayo adzamve. Mwana ndi wamtengo wapatali kuposa fizi yonse imene yapita. Mayeso angathe kulembedwanso chaka chamawa. Sukulu za ntchito zamanja, monga Soche Technical College ku Limbe, zatulutsa amisiri amene akudyetsa mabanja awo mwaulemu, ndipo Ambuye Yesu adakulira m'nyumba ya mmisiri wa matabwa.

Mlimi wa tiyi amadziwa kanthu kena kothandiza apa. Pakapita zaka zingapo tchire la tiyi limadulidwa kwambiri, n'kutsala zitsa zooneka ngati zouma. Mlendo wodutsa angaganize kuti mundawo wafa. Mvula ikagwa umaphukanso, ndipo masamba ake amachuluka kuposa kale. Pa Yohane 15 Yesu adagwiritsa ntchito chithunzi chonga chomwechi pokamba za mpesa umene Atate amautengulira kuti ubale zambiri. Mnyamata amene chaka chino wadulidwa asadziyese wouma. Ndipo anzake amene akhoza ayambire pomwepa utumiki wawo: apite akamuone, akhale naye pansi, amubwereke manotsi awo, ndipo akafuna kubwereza amuthandize Masamu m'miyezi imene akudikira kusankhidwa.

Ntchito ya parishi

Akhristu a m'tauni asaganize kuti nkhani ya ku Thyolo ili kutali nawo. Ambiri amwa tiyi m'mawa uno asanabwere ku Misa. Tiyi wina wa m'dziko muno amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe, ndipo tiyi ndi imodzi mwa mbewu zimene zimabweretsa ndalama zakunja zochuluka. Mu 1891, Papa Leo XIII adalemba kalata yotchedwa Rerum Novarum, yophunzitsa kuti malipiro a wantchito ayenera kukwanira kumusunga mwaulemu. Pa 8 March 1992, maepiskopi a m'Malawi, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona, adatulutsa kalata ya nyengo ya Lenti imene idagwedeza dziko, ndipo mwa zina idadandaula za malipiro ochepa a anthu apantchito ndi mavuto a m'sukulu. Chiphunzitso chimenechi sichikhudza maesiteti okha. Chimalowanso m'nyumba ya mkhristu aliyense amene ali ndi wantchito wapakhomo kapena mlonda. Kodi malipiro amene amalandira angathe kutumiza mwana wake ku Fomu 1?

Palinso ntchito ya msangamsanga. Ena mwa anyamata amene akhoza bwino adzasankhidwa ku yunivesite koma adzasowa poyambira. Ngongole ya boma ya ophunzira sifikira onse, ndipo amene waipeza amafunikabe thiransipoti, zofunda ndi malo ogona. Chaka chilichonse pamakhala ana anzeru amene malo awo amapita pachabe chifukwa cha ndalama imene mabanja ena amaithera pa phwando limodzi la chinkhoswe. Mutu umodzi susenza denga. Mphakati uliwonse ungathe kukhala pansi sabata ino n'kufunsana kuti: m'dera lathu muli mwana uti amene wakhoza koma alibe womuthandiza, mnyamata kapena mtsikana? Mphakati wa mabanja makumi awiri, banja lililonse litamapereka kangachepe mwezi ndi mwezi, ungathe kumufikitsa mwana mmodzi kumapeto. Amayi Achikatolika, Abambo Achikatolika ndi akhristu amene adaphunzira ku St. Patrick's zaka zapitazo angathe kutsogolera. Ndipo pothandiza anyamata, pasaiwalike alongo awo amene anawapatsa mpata.

Kwa anyamata okhoza

Lero ndi tsiku lawo, ndipo asangalale ndi mtima wonse. Koma lisanalowe dzuwa, aliyense achite zinthu zitatu. Agwade pamaso pa Ukaristia n'kunena zikomo. Apite kwa amene anamulipirira fizi, kapena awaimbire foni ngati ali kutali, n'kuwathokoza m'chilankhulo cha kwawo, osati pa Facebook pokha. Kenaka afunefune mnzake mmodzi amene sizinamuyendere bwino.

Ophunzira a Yesu adasowa chonena atafunsidwa za zimene ankakangana pa njira. Anyamatawa akuyamba ulendo wautali, ndipo kumapeto kwake Mphunzitsi yemweyo adzawafunsa zimene zinkadzaza mitima yawo m'njiramo. Mpingo ukuwapempherera kuti pa tsikulo adzakhale ndi yankho losachititsa manyazi.

Mulungu Atate, amene adawasunga pa mliri ndi pa namondwe, awadalitse pamodzi ndi makolo ndi aphunzitsi awo. Atonthoze amene akulira, alimbitse manja a onse ogwira ntchito m'minda ya tiyi, ndipo atsegule mitima ya akhristu a parishi ino. Amayi Maria, Mpando wa Nzeru, ndi Patrick woyera awapempherere. Amen.